Phewa Langa ndi Nzeru za Alamu a ku Joni

Phewa langa lakumanja linandigwira m'mwezi wa Ramazani, nthawi yomwe telala aliyense wa pa Mangochi sapuma. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, ndipo chaka chimenecho nsalu za Idi zinali mulu pambali pa makina. Poyamba linkangonyung'unya ndikamadula nsalu. M'mawa wina ndikuti ndikweze mkono ndimange mpango, ululu unandilasa ngati msomali wamoto. Mkono unakana kupitirira pachifuwa. Ngakhale sizasi inkandilemera.

Pakhonde lomwelo pankasokanso mayi ena achikulire a ku Nkope, amasiye, amene anandiphunzitsa kudula kolala ndili mtsikana. Ataona kuti ndikungogwirira phewa, sanafunse zambiri. Anatenga nsalu zanga n'kuyamba kusoka pa makina awo, zawo ataziika pambali.

"Inu khalani pansi, muzingondiuza miyezo," anatero.

Ndiye kunyumba kunabwera alamu anga, akulu awo a amuna anga. Munthu ameneyu anakhalako ku Joni, n'kubwerako ndi jekete lachikopa ndi pakamwa. Ntchito yomwe ankagwira kumeneko palibe akuidziwa, koma chibwerereni palibe nkhani yomwe iwo sadziwa: injini ya boti, mitengo ya chimanga, mimba ya mkazi wa mwini. Jeketelo savula ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Anandiyang'ana phewa ali chiimire, osalikhudza n'komwe.

"Alamu, izi si zachipatala. Munthu sangagone bwinobwino n'kudzuka mkono utauma. Alipo wakulodzani. Kodi pakhonde paja mumasoka ndi ndani?"

Amuna anga anali pomwepo. Anangozyolika ngati akuwerenga nyerere. Akulu awo akamalankhula, iwo amasanduka mpando.

Mawa lake alamuwo anabwera pa njinga yamoto atakweza sing'anga wa ku Chiponde, ati wotchuka mpaka ku Mozambiki. Ndinakana, koma ululu umafoola munthu, komanso nyumba inali itadzaza apongozi ndi azilamu. Bamboyo ananditemera mphini ndi lezala, n'kupaka zakuda zonunkha ngati tayala lopsa. Kenako anayamwa pabalapo n'kulavulira m'mbale singano. Singano ya makina, yonyezimira mbee, yoti sinaonepo ngakhale thukuta. Nyumba yonse inangoti "Aaa!" Alamu anga anaitola ndi kansalu n'kuikweza m'mwamba ngati msodzi wopha chambo chachikulu.

Sing'angayo sanatchule dzina, ndipo panalibe chifukwa choti atchule. Tsiku lomwelo nkhani inafika kumsika. Alamu anga anapita okha pakhonde paja, n'kukaima pamaso pa mayi aja, anthu akuona, n'kuwafunsa ngati singano zawo zonse zilipo. Ndinamva kuti mayiwo anangomaliza diresi lomwe linali pa makina, la kasitomala wanga, n'kulipinda bwinobwino. Atatero anaitana wakabaza kudzanyamula makina awo.

Mkono wanga sunasinthe. Mphini zija zinangondiwonjezera zilonda. Mng'ono wanga ndiye ananditengera kuchipatala, amuna anga osadziwa. Atandijambula, adokotala, mayi wachitsikana, anakweza chithunzicho pawindo n'kundilozera kanthu koyera konga nyemba pamwamba pa fupa.

"Amayi, mukudziwa zoyera zija zimamatirira m'ketulo mukamawiritsa madzi a pamjigo? Zonga zimenezo zaundana mumtsempha wa phewa lanu. Zimachitika, makamaka kwa amayi a msinkhu wanu. Zikayamba kusungunuka m'pamene zimapweteka kwambiri." Anayang'ana zilonda zija. "Nanga izi?"

Ndinati n'za alamu anga. Anangopukusa mutu.

Anandibaya jekeseni paphewa pomwepo, anandipatsa mapiritsi, n'kundionetsa kuyendetsa zala pakhoma, kukwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Idi inadutsa ndisanagwire makina. Nsalu zotsala eni ake anadzatenga zosasoka, ena akung'ung'udza. Koma patapita miyezi ndinayambanso kudula.

Alamu anga atamva zachipatalazo, manyazi sanawayandikire n'komwe.

"Si ndinanena ine! Ku Joni matenda amenewa ndi ambiri zedi. Singano ija itatuluka m'pamene mankhwala a adokotala anapeza njira."

Anapempha chithunzi chija kuti akaonetse anzawo pabawo. Ndinawauza kuti akajambulitse mutu wawo, mwina namonso muli zoundana. Amuna anga anati ndasowa ulemu. Aka kanali koyamba kuti atsegule pakamwa pa nkhani yonseyi.

Mkono utalimba ndinakwera minibasi kupita ku Nkope. Ndinawapeza mayi aja akusoka mayunifolomu a ana asukulu pansi pa mtengo wa mango, kunyumba kwa mwana wawo. Anandilonjera bwino, anandipatsa mpando, anafunsa za phewa, ndipo ndinawaonetsa mmene mkono ukukwerera. Ndinawafotokozera zonse zomwe adokotala ananena. Anamvetsera phazi lili pa makina. Nditawapempha kuti abwerere pakhonde, anati makasitomala akuno awazolowera, ndiponso nyumba ya lendi ya kutauni anabweza kale.

Alamu anga sanapiteko kukapepesa, ndipo palibe anawauza kuti apite. Mpaka lero amadutsa pakhonde langa kudzasiya mathalauza oti ndiwafupikitse. Ndimalandira ndi manja awiri, n'kuika pansi penipeni pa mulu.