Dzina la Shagufta pa Khadi

A Zahoor a kuno ku Lahore analemba ndi dzanja zaka makumi anayi ndi zisanu. Cholembera chawo chinali bango, ankalisema okha ndi kampeni, pepala ali nalo pabondo. Akamakoka chilembo chachitali sankapuma mpaka mchira wake utatha, ndipo wina akangotsokomola pafupi ankamutukwana mpaka makolo ake. Makadi a ukwati a mumsewu wathu wonse anadutsa pabondo limenelo. Lamulo lawo linali limodzi: dzina la mkwatibwi litambasulidwe, litenge malo, chifukwa mwana akuchoka pakhomo, ulemu wake womaliza ndi umenewo.

Kenako kunabwera makompyuta ndi zilembo zake zonamizira dzanja. Anthu, mbuzi zenizeni, anathamangira komweko.

Chaka chatha mdzukulu wawo Shagufta ankakwatiwa. Bambo ake, Tanvir, anabwera ndi khadi la chitsanzo akumwetulira ngati wachita zanzeru.

"Ababa, taonani. Ngati dzanja lanu lomwe!"

"Dzanja langa? Dzina la mwana lafinyika ngati nkhuku m'dengu, la a Inayat, bambo a mnyamata, layala miyendo msewu wonse. Akukwatiwa ndani, ndevu zija?"

"Amayala ndi makina, Ababa."

"Makinawo ali ndi mdzukulu?"

Anakangana mpaka tiyi kuzizira. Pomaliza Tanvir anagonja: makadi mazana atatu asindikizidwe, pa dzina la Shagufta pasiyidwe mpata, alembe okha.

Koma dzanja lija linali litayamba kunjenjemera. Ankagwira mpweya, bango n'kuyamba bwino, pakati pa mchira n'kugwedezeka. Masiku atatu, makadi makumi anayi ndi limodzi, ena inki itadontha. Shagufta anawapeza akusisita mkono.

"Agogo, mukufuna ndikwatiwe ndili ndi imvi?" Anaseka, koma bangolo anawalanda pang'onopang'ono.

Otsalawo Tanvir anabwerera nawo ku makina. Dzina linafinyikanso.

Olembedwa ndi dzanja aja a Zahoor anawapereka kwa abale enieni, ati ulemu. Mukudziwa zimene abalewo anachita? M'mawa mwake mlamu wa a Zahoor, mayi Parveen, anatulukira khadi lili m'manja, mlomo uli uko.

"Alamu, tinakulakwirani chiyani? Anthu wamba mwawapatsa osindikiza, ife mwatipatsa opaka pamanja ngati osauka!"

Mayi ameneyu khadi la ukwati wake womwe analemba ndi a Zahoor, osamulipiritsa!

A Zahoor anavala nsapato, n'kuyenda khomo ndi khomo kutolera makadi awo, aliyense n'kumupatsa la makina limene ankalilira. Anabwera nawo makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Awiri ana anali atakulungira kale mtedza.

Anawamanga ndi ulusi pamodzi ndi bango lija, n'kuwaika pansi pa bokosi la zovala limene Shagufta ankapita nalo kwa apongozi. Kampeni masiku ano amasendera mango.