Maso a Manase Harawa

Mlamu wanga Manase Harawa anabadwira ku Mwazisi, ndipo mantha anayamba nawo ali kumsana. Nkhuku ikamuyang'ana kawiri ankasintha njira.

Atakula anapeza ntchito ku Chelinda, pamwamba pa phiri la Nyika, yowaza nkhuni zoti alendo aziwotha, poti kumeneko kumazizira mpaka mawu amaumira pakamwa, mnzako amadzawamva mawa dzuwa likatuluka. Mtima wake unali pa mlongo wanga Tryness. Koma bambo athu, a Hezron Chavula, mkulu wa mpingo, anakana: mwana wawo wofika Sitandade 8 sangakwatiwe ndi wowaza nkhuni.

M'zaka za m'ma 1970 ku Chelinda kunabwera azungu ojambula kanema wokopa alendo. Anamuveka Manase chipewa cha mlonda wa nyama n'kumuimika pachitunda. Mmodzi anakaima patsogolo, nakweza chitini cha nyama m'mwamba, nati: "Yang'ana apa, usaphethire." Manase anali asanadye. Anachiyang'ana chitinicho ndi moyo wake wonse. Ntchito inathera pomwepo, chitini anamupatsa.

Patapita chaka galimoto ya kanema ya boma inafika ku Mwazisi. Mawindo a sukulu anawatchinga ndi mabulangete, anthu n'kulowa ataonetsa khadi la chipani. Zitatha za msonkhano ndi amayi ovina, panatuluka Nyika: mbidzi, maluwa, kalimba kakulira chapansipansi. Kenako zii. Nkhope ya nyalugwe inadzaza nsalu yonse, ndevu iliyonse ngati nsungwi. Ng'oma inayamba: du, du, du. Nayo nkhope ya Manase, atamujambula kuchokera pansi, moti ankaoneka ngati mutu ukugunda mitambo. Nyalugwe. Manase. Nyalugwe. Ng'oma ikufulumira, nkhope zikusinthana mwaliwiro, maso a Manase ali tong'o. Mapeto ake nyalugwe anatembenuka n'kulowa m'tchire.

Nthungululu za amayi zinatukula malata. Manase mwini wake anali atakumbatira mwendo wa benchi. Nyalugweyo ankamuona koyamba. Panja bambo anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Yewo chomene, mnyamata. Uwauze akwanu abwere tikambirane."

Zokambirana zili mkati, nyalugwe weniweni wa kunkhalango ya Vwaza anayamba kugwira mbuzi za bambo. Iwo sanadandaule.

"Munthu tili naye. Apite akamuyang'ane."

Manase anaonda tsiku lomwelo mpaka lamba anamuzungulira kawiri. Akane, Tryness wapita, avomere, wadyedwa. Anamudikirira Tryness panjira ya kuchigayo.

"Tryness, kanema uja..."

"Ndikudziwa, a Manase. Kumbuyo kwanu udzu unali wobiriwira, kumbuyo kwa nyalugwe wouma gwa. Inu munali m'dzinja, mnzanuyo m'chilimwe. Munayang'anizana bwanji? Anakujambulani payekhapayekha n'kukulumikizani ngati zigamba."

"Iii! Ndiye anthu onse anaona?"

"Akanaona liti, ng'oma ikuwaguguda pamtima? Ine ndinatseka makutu, n'kuona munthu akumeza mate. Kodi ankakuonetsani chiyani?"

"Chitini cha nyama."

"Ndinadziwa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti ndikhale mbeta mpaka kukalamba pakhomo pa adada?"

Atafika kunyumba, Tryness anagwada pamaso pa bambo.

"Adada, a Manase ali okonzeka. Koma munamva nokha m'kanema muja: maso aja amagwira ntchito ng'oma ikulira. Ndiye tiitane oimba ng'oma za vimbuza adzaimbe pakhola pano."

Bambo anadzuka pampando, buku la nyimbo n'kugwa.

"Ng'oma za vimbuza? Pakhomo pa mkulu wa mpingo? Kuli bwino mbuzi zithe!"

Mbuzi sizinathe. Bambo analamula kuti limangidwe khola lam'mwamba la mitengo yolimba, ndipo amene anadula mitengoyo ndi Manase, nkhwangwa ikulira mpaka kumveka ku Bolero. Nyalugwe anabwera, nazungulira, nabwerera chimanjamanja. Anthu anati wamva fungo la Harawa.

Ukwati unachitikira mu tchalitchi, popanda ng'oma. Manase anawaza nkhuni ku Chelinda mpaka imvi, kenako anabwerera kudzalima fodya. Ana a ku Mwazisi akamuona amabisa nkhope, iye n'kumawatong'olera maso mokondwa. Chitini chija Tryness amasungiramo mchere. Alendo akabwera, mlamu wanga n'kuyamba kuti, "Tsiku limene ndinakumana ndi nyalugwe," Tryness amangochitenga n'kuchiika patebulo.