Supu wa M'fulasiki

A Telala anasoka zovala zaka makumi atatu m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo m'dera lonselo munalibe wopinda thalauzi mwaluso ngati iwo. Mkazi wawo atamwalira anazolowera kudziphikira okha, mpaka tsiku lina anagwa ali pa makina. Kuchipatala anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, mchere ausiyiretu.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ankagulitsa m'sitolo ina yaikulu, anawatengera kwake.

"Ababa, zophika mundisiyire ine. Mchere simudzauonanso," anatero.

M'mawa uliwonse ankawasiyira buledi ndi supu wotentha m'fulasiki, wonunkhira nkhuku. Anzawo akabwera kudzawazonda, a Telala ankadzitama.

"Mwanayu anatengera mayi ake. Supu wopanda mchere, koma mbale ndimachita kunyambita!"

Patatha miyezi itatu miyendo inatupa, nsapato n'kukana kulowa. Mwanayo anawaperekeza kuchipatala. Anesi atawayeza anapukusa mutu, n'kuyankhula mokweza odwala onse pabenchi akumva.

"Bambo, musatinamize. Mukudya mchere mobisa. Akuluakulu ngati inu ndi amene mumativuta."

A Telala analumbira kuti sanaukhudze. Anatembenukira kwa mwana wawo kuti awaikire umboni. Iye anayang'ana pansi.

"Kaya, mwina akatsala okha masana," anatero motsitsa mawu.

Panjira yonse a Telala ankaganiza kuti mwina mutu wayamba kuwasokonekera.

Mawa lake, akufuna sizasi yodulira ulusi, anatsegula kabati ya m'mwamba kukhitchini. Anapezamo katoni yodzaza timapaketi ta supu waufa, wongothira madzi otentha. Anang'amba kamodzi, n'kulawa ndi chala. Mchere wokhawokha! Anakhala pampando.

Mwanayo pobwera kuntchito anapeza katoniyo ili patebulo. Anagwetsa chikwama n'kuyamba kulira.

"Ababa, ndimaima tsiku lonse, pofika kuno msana uli wowawa. Izi mphindi zitatu zokha zapsa. Tsiku lililonse ndinkati ndiyamba kuphika mawa."

"Za kutopa ndikumvetsa," anatero a Telala. "Ukanandiuza, manja ndili nawo, ndikanaphika. Koma iwe unali pambali panga anesi akundiyesa wabodza pagulu. Unkadziwa, ndiye n'kuwonjezerapo."



Loweruka a Telala analongedza katundu wawo n'kubwerera kukachipinda kawo. Anagula kambaula ka magetsi, ndipo amaphika nyemba ndi masamba pambali pa makina, makasitomala akudandaula kuti zovala zikununkha anyezi. Miyendo inaphwa, ngakhale kuti kusoka tsiku lathunthu sathanso.

Mwanayo amabwera Lamlungu lililonse. Amamulandira bwino, yunifomu yake ikang'ambika amamusokera. Koma akabweretsa chakudya chophikaphika, a Telala amathokoza, n'kukachipereka kwa mlonda wa pasitolo.