Uthenga wa apongozi unandipeza m'chigafa

Chaka chimenecho ndinali nditangogula njinga yamoto yakale kwa mphunzitsi mnzanga, koma layisensi ndinalibe. Ndinkaphunzitsa pasukulu ya pulayimale cha ku Msakambewa, ndipo ndinkadziona ngati munthu wolemekezeka kwambiri pamudzipo. Lachisanu lina pochokera ku Mponela ndinaona apolisi ataima pamsewu. Mmodzi anakweza dzanja. Kaya ankaimitsa ine kaya minibasi imene inali kumbuyo kwanga, sindinadikire kuti ndidziwe. Ndinakhotera m'kanjira ka m'munda wa chimanga cha eni ake, n'kukatulukira kutsogolo buluku lili chisoso chokhachokha.

Loweruka m'mawa foni inalira, nambala yachilendo. Nditayankha ndinamva mawu a mayi: "Ndikuimba kuchokera kupolisi. Kodi ndikuyankhula ndi aphunzitsi?"

Ndinadula pompo. Inalira kachiwiri, kachitatu. Ndinaithimitsa, n'kuchotsamo khadi, n'kuiika pansi pa matiresi ngati kuti apolisi akhoza kutulukira m'menemo. Kenako ndinakankhira njinga ija m'chigafa, momwe fodya wathu anali akuuma, ndi kuifunditsa masaka. Akazi anga anali pakhonde akusankha nyemba pa lichero. Anangondiyang'ana ndikuchita zonsezi.

Dzuwa litafika pamutu ndinamva kabaza akubwera. Kumbuyo kwa woyendetsa kunali mayi wovala yunifolomu. Ndinangonong'oneza akazi anga kuti, "Muwauze kuti ndapita kumaliro ku Ntchisi," basi ine ulendo wa m'chigafa. Mphunzitsi wa Sitandade 8, wa ana anayi, ndinanyonyomala pansi pa fodya, pafupi ndi njinga yanga, fumbi likundilowa m'mphuno.

Zokamba zawo ndinkazimva bwinobwino. Atalonjerana, wapolisi uja anafunsa za ine. Akazi anga sadziwa kunama. Mawu akuti Ntchisi anatuluka ngati akupepesa.

"Nanga inu ndinu ndani wawo?"

"Ndine mkazi wawo."

"Ndiye kuti uthengawu ndi wanu, mayi. Musachite mantha, ali moyo. Bambo anu agwa pamsika ku Mponela m'mawa uno."

Anafotokoza mofatsa. Apongozi anga, omwe ankadwala shuga, anapita kukagula ziguduli zomangira fodya. Anangoti khu pakati pa anthu, thukuta lili kamukamu, mawu osamveka. Ena ankati aledzera, chonsecho anali mkulu wa mpingo amene mowa sanaulawepo. Apolisi amene anali pamsikapo anawapisa m'thumba la jekete n'kupeza buku la kuchipatala. Ataona za shuga, anawathamangitsira kuchipatala ku Mtengowanthenga.

"Kumapeto kwa bukulo analembako okha," anatero mayi uja. "Akuti, 'Zikavuta, imbirani mkamwini wanga, mphunzitsi. Ndi munthu wodalirika.' Pali nambala ndi dzina la mudzi uno. Ndaimba katatu, kenako foni yathima."

Ndinamva lichero likugwa, nyemba zikumwazika pasimenti. Munthu wodalirikayo ndinayesa kugwira mphuno, koma fodya sanandimvere chisoni. Ndinayetsemula kawiri, mwamphamvu, nkhuku imene inkaikira m'chigafamo n'kuthawa ikutetera.

"Tulukani, abambo," anatero akazi anga. Sanakweze mawu, ndipo zinali bwino akanakuwa.

Ndinatuluka zinyenyeswa za fodya zili m'mutu. Wapolisi uja anali wachitsikana, msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa zaka zingapo zapitazo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwabwerako msanga ku Ntchisi, aphunzitsi."

Pamenepo pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinaulula zonse osafunsidwa: za njinga, za layisensi, za munda wa chimanga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ine zadzulo sindikuzidziwa, ndinali ku ofesi," anatero. "Ndabwera chifukwa cha wodwala. Anesi akufuna wachibale woti awauze mankhwala amene bambowa amamwa. Njingayo itulutseni, chipewa chotetezera mutu muwapatse mayiwa. Koma layisensi mukatenge, tisadzaimbirenso anthu ena za inuyo."

Tinanyamuka, kabaza wa wapolisi patsogolo, ife pambuyo. Akazi anga anagwira chitsulo cha kumbuyo kwa mpando m'malo mondigwira ine m'chiuno, ngakhale potsetsereka pa miyala. Njira yonse ine ndinkangowerenga maola m'mutu: foni inayamba kulira chakumam'mawa, tsopano dzuwa linali litapendeka. Nkhalamba yagona pabedi yokhayokha nthawi yonseyi, pakhomo pakulowa achibale a anthu ena.

Tinawapeza atatsitsimuka, dilipi ili pamkono. Namwino anati shuga anatsika kwambiri chifukwa anamwa mankhwala n'kunyamuka mbandakucha osadya kanthu. Akazi anga anagwada pambali pa bedi n'kuyamba kulira. Apongozi anawasisita pamutu, maso ali pa ine.

"Ndinadziwa kuti mubwera, aphunzitsi. Ndawauza anesiwa kuti mkamwini wanga akangomva, sachedwa. Koma kwathu n'kutali, msewu ndi woipa."

"N'zoona, bambo, msewu ndi woipa," ndinayankha, maso ali pansi. Akazi anga anasiya kulira kwa kanthawi n'kunditembenukira, kenako anapitiriza. Wapolisi uja, yemwe anaima pakhomo, anangopereka buku lija kwa namwino, n'kutsanzika.

Popeza inali wodi ya amuna, wodikirira wodwala ndinakhala ine. Zaka khumi ndi zisanu ndili pabanja ndi mwana wawo, ine ndi apongozi tinali tisanakhalepo pampando umodzi. Tinkalonjerana patali, ine nditavula chipewa, nkhani zathu zikuthera pa mvula ndi feteleza. Tsopano ndinkawadzutsa, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuwagwira mkono popita kuchimbudzi. Tsiku loyamba tonse awiri tinkayang'ana kukhoma. Tsiku lachiwiri anayamba kundiuza za unyamata wawo, mmene ankayendera wapansi kudutsa mapiri kupita kusukulu ya mishoni, ndi mmene anaisiyira bambo awo atamwalira. Anati ankafuna kudzakhala mphunzitsi. Ngakhale akazi anga sankazidziwa zimenezi.

Tsiku lotuluka anapempha kuti ndiwamete ndevu, ati sangabwerere kumudzi akuoneka ngati mkaidi. Ndinapaka sopo n'kuyamba kuwameta, ndipo lezala linawacheka pang'ono pansi pa chibwano. Magazi anatsikira pakolala ya malaya oyera amene apongozi aakazi anatumiza. Ndinayamba kupepesa, koma iwo anaseka mpaka kutsokomola, bambo wa pabedi loyandikana nawo n'kuseka nawo.

"Malizani, aphunzitsi," anatero. "Mbali inayo nayonso ndi yanga."

Ndinamaliza, ndipo ndinawachekanso pafupi ndi khutu. Anatuluka m'chipatala ndi timathonje tiwiri kumaso, atatsamira paphewa langa, akuuza aliyense wokumana naye kuti matenda apola koma ometa ndiwo atsala pang'ono kuwamaliza.