Duwa lopempha silimera

Amalume a mkazi wanga anali atanena kale tsiku londisudzula. Mwambowo ndinkaudziwa. Mkamwini akaferedwa, zamaliro zikatha amamumasula kuti abwerere kwawo, ndipo ana amatsala ndi eni mbumba. Ine kwathu ndi ku Cassacatiza. Mwana wathu wamkazi, wa zaka zinayi, kwawo ndi ku Mualadzi, kwa amayi ake. Palibe amene ankandilakwira. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ndikachoka pamudzipo adzandilola kumadzamutenga, kapena ndidzasanduka mlendo wongopatsidwa mpando pakhonde.

Loweruka lomaliza ndinapempha apongozi anga kuti ndikayende ndi mwanayo ku Chifunde. Anayankha atayang'ana kumbali, monga mwa ulemu wathu.

"Pitani naye. Dzuwa lisakamuwambe."

Tinakwera njinga yamoto, iye pakati pa ine ndi woyendetsa, fumbi lili m'maso. Ku Chifunde tinayamba takhala pamabenchi a simenti apansi pa mitengo, pafupi ndi msika. Anadya nthochi, nathamangitsa nkhunda. Ine ndinazindikira mochedwa kuti ndakhala kumapeto kwa benchi, ndasiya malo a munthu mmodzi. Sindinasunthe.

Kenako tinalowa m'kamunda ka maluwa kamene anthu amangokatchula kuti jardim. Si kakakulu. Kali ndi tinjira ta miyala yopaka laimu, ndipo ngakhale m'chilimwe mlonda amakathirira. Ine ndi mkazi wanga tinkabwera kuno sukulu imene ndimaphunzitsa ikatsekera. Iye anali ndi khalidwe limodzi limene linkandichititsa manyazi. Akafika pachitsamba cha maluwa ofiira chapangodya, ankatsokomola pang'ono, kuyang'ana kumwamba ngati akuona mbalame, dzanja lili kumbuyo likuthyola kanthambi, n'kukabisa m'chiuno mwa nsalu yake ya kapulana. Ndikamuuza kuti angopempha, ankaseka.

"Aphunzitsi, duwa lopempha silimera."

Maluwa onse ali kuseri kwa nyumba ya apongozi anabwera motero.

Ulendo womaliza umene tinabwera tonse, mwanayu anali khanda, ali mtulo kumsana. Pambuyo pake matenda anayamba ndipo sitinayendenso. Zimenezi ndaziganizira kambirimbiri ndipo sindikukayika.

Loweruka limeneli mwanayo ananditsogolera yekha mpaka pangodya paja. Anaima. Anatsokomola pang'ono, nayang'ana kumwamba. Kumwambako kunalibe mbalame. Ndinamva kanthambi kakuthyoka, ndipo ndinaona kadzanja kake kakulowa m'chiuno mwa siketi.



"Wakuphunzitsa ndani zimenezo?"

"Ababa, musalankhule. Atiwona."

"Ndikufunsa, wakuphunzitsa ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Lopempha silimera."

Mlonda anali chapatali ndi ndowa yake. Ndinaphunzira mokwanira kuti ndidzipezere mayankho: mwina anamva kwa agogo ake, mwina amayi ake ankachita zomwezo m'mabwalo a anthu ali naye. Mayankhowo ndi abwino. Koma kutsokomola kuja kunali kwa munthu amene ndinamuika m'manda nthawi ya dzinja.

Pobwerera anagona pachifuwa panga. Kanthambiko kankandibaya m'mimba njira yonse ndipo sindinakasunthe.

Tinapeza apongozi akukusa chimanga pabwalo. Mwana anathamangira kwa iwo, natulutsa kanthambi kaja, kofota kale. Iwo anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukuta manja, nakalandira ndi manja awiri ngati chinthu cholemera.

"Tikabzale kuseri, agogo?"

"Kuseri kwadzaza." Mawu awo anali otsika. "Aka n'ka kwa abambo ako."

Mwanayo anakwinya nkhope. "Ababa satha kuthirira. Amaiwala."

"Nanga sindikudziwa? Amayi ako ankadandaula zomwezo."

Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni pamudzipo, apongozi anandiyang'ana m'maso.

"Bambo a mwana, Loweruka muzibwera kudzamutenga. Azikathirira duwa lake. Amalume aja ndilankhula nawo ndine."

Ndinawomba m'manja pang'onopang'ono.

Anandisudzula Lachitatu lotsatira. Kanthambiko ndinakabzala pafupi ndi khomo ku Cassacatiza, kumene magalimoto opita ku Zambia amatithira fumbi tsiku lonse. Kanakhala milungu ingapo ngati kamtengo kouma, kenako kanaphuka. Pakati pa sabata sindikathirira kwambiri, kuti Loweruka mwini wake azipeza ntchito. Iye amafika, kukhudza dothi ndi chala, n'kundidzudzula. Ndimamvetsera nditayang'ana pansi. Mawuwo ndimawadziwa, ndipo sindifunsanso kumene anawatenga.