Tayipi ya Amayi Inalowa mu Filimu

Amayi anga anagwira ntchito yotayipa zaka makumi anayi ndi ziwiri. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mwa zimenezo anathera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mlembi wotchuka uja, amene mabuku ake tonse tinawerenga kusukulu, ena mokonda, ena poopa mayeso. Bamboyo ankalemba ndi pensulo, ali chiimire, pepala ataliika pamwamba pa kabati. Zolemba zake zinkaoneka ngati papalasa nkhuku, ndipo amene ankatha kuziwerenga anali amayi okha. Mwini wake yemwe nthawi zina ankabwera ndi pepala n'kufunsa kuti, "Kodi apa ndimati chiyani?"

Mlembiyo atamwalira, akazi ake anawapatsa amayi makina otayipira a m'kachipinda kaja n'kuwauza kuti, "Tengani, ndi anu kale." Amayi anakakhala nawo pakhonde la positi ofesi, pa katebulo kopinda miyendo, n'kumatayipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi a madandaulo. Kumeneko ndi kumene anawatcha Mayi Tayipi. Akati atchule kuti mabuku aja anadutsa m'zala zawo, anthu ankangomwetulira mwaulemu, monga timachitira munthu akamati agogo ake anapha mkango ndi manja. Chimene chinkawatsutsa chinali chithunzi cha pachikuto cha mabukuwo: mlembi atakhala pa tayipi, zala pa mabatani, maso kudenga. Amayi ankati tsiku lojambula chithunzicho anachita kumugwira manja n'kumuikira pamabatanipo.

Ine zinandifika pamtima ndili folomu 2. Tikuwerenga buku lake lija la mlatho, ndinakweza mkono n'kunena kuti amayi anga ndiwo analitayipa, kasanu ndi kawiri, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Aphunzitsi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Ndipo bambo ako ndiwo anamanga mlathowo, eti?" Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinafika kunyumba ndikusisima, koma amayi anangoti, "Vula kaye yunifolomu, uidetsa ndi mamina." Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi ndinaimeza. Ndipo ndinene zoona, ngakhale zili zochititsa manyazi: nditakula, nanenso ndinayamba kukayika ngati amayi sankawonjezera.

Amayi ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, maso atachita ng'ala moti nkhope ya munthu ankaizindikira ndi mawu, pakhomo pathu panaima galimoto. Munatuluka bambo wa magalasi akuda okwezera pamutu, n'kudzitchula kuti ndi mkulu wa filimu. Anati akujambula filimu ya moyo wa mlembi uja, kuyambira ubwana wake mpaka imfa.

"Agogo, tamva kuti makina a malemu ali kuno," anatero.

"Makina a malemu sindikuwadziwa, mwanangu," anayankha amayi. "Malemu anali ndi pensulo. Awa ndi anga."

Bamboyo anaseka, kuyesa nthabwala za okalamba. Anafotokoza kuti pachimake pa filimuyo mlembi adzakhala yekhayekha pa tayipi, thukuta lili kamukamu, akulemba buku la mlatho. Za amayi sanafunse kalikonse. Iye ankafuna kubwereka chitsulocho basi.

Mtima wanga unawira. Chithunzi cha pachikuto anthu amachiiwala, koma filimu idzaonedwa ndi aliyense, ndi adzukulu omwe, ndipo amayi adzapita kumanda ali onama. Ndinafuna kumuonetsa njira, koma amayi anandigwira mkono. Anavomera, koma anati makinawo apita nawo okha ndipo abwerera nawo tsiku lomwelo, chifukwa sanagonepo kwa eni.

Anajambulira m'nyumba yeniyeni ya malemu. Tinafika m'mawa, ine nditanyamula makina, amayi atandigwira phewa. Paliponse panali mawaya ndi nyali zotentha ngati mbaula. Akazi a malemu, amene anali okalamba kuposa amayi, anali atakhala pangodya, bulangeti pamaondo, anthu akuwadutsa ngati kabati. Iwo ndi amayi anagwirana manja nthawi yaitali.

"Tili m'chipinda chiti?" amayi anandinong'oneza.

"Pabalaza. Aika tebulo pawindo lalikulu, ndi maluwa."

"Tayipi pabalaza? Mayi a nyumba ino akanatipitikitsa ndi tsache."

Wosewera ngati mlembi anali bambo wamtali, wa ndevu zomata, moti ine ndi amayi tinangomutcha a Ndevu. Kuyenda ankatha, kukwinya nkhope ankathanso, koma atakhala pa makina zinthu zinavuta. Ankajompha mabatani ndi chala chimodzi, ndipo akati afulumire, tizitsulo ta zilembo tinkakolana n'kuima njo. Komanso makinawo ali ndi khalidwe lawo. Anagwapo pansi kalekale, ndiye kachitsulo kobwezera pepala kumayambiriro kwa mzere kamafuna ukakweze pang'ono usanakakankhe. A Ndevu ankakakankha ndi mphamvu, iko n'kukana. Anabwereza kasanu ndi katatu. Mkulu wa filimu anavula magalasi n'kuyamba kudzikanda m'mutu, ndipo mayi wojambula mawu, amene anavala zomvera m'makutu, anati zikumveka ngati munthu akukhoma misomali.

"Chala chimodzi sichiswa nsabwe, bambo," amayi anatero ali pampando wawo.

Onse anaseka, ndi a Ndevu omwe, mpaka ndevu za mbali imodzi zinamatuka. Mkulu uja anapumira m'mwamba. "Agogo, tamusonyezeni pang'ono. Mzere umodzi basi." Wina anathamangira buku kuti amayi aziwonera, koma ndinamuuza kuti asavutike, sangaone.

Ndinawakhazika patebulopo. Anapapasa pepala, kulilowetsa, kulilinganiza m'mbali ndi zala zazikulu, n'kuwongola msana mmene ndinkawaonera ndili mwana. Nkhope analozetsa kukhoma. Kenaka makina aja, amene m'mawa wonse ankangotsamwa, anayamba kulira ngati mvula padenga la malata. Kabelu kankati ngee, dzanja lamanzere n'kukweza kachitsulo kaja, n'kukankha, mzere wina n'kuyamba. Palibe anawauza kuti aime, ndipo nawonso sanaime mpaka pepala linadzaza. Analisolola n'kuliika chafufumimba patebulo, monga ankachitira masiku onse.

A Ndevu analitola n'kuyamba kuwerenga mokweza. Linali tsamba loyamba la buku la mlatho. Mkulu wa filimu anatsegula buku lake n'kumatsatira ndi chala, mzere ndi mzere, ndipo ine ndinkangoyang'ana chala chakecho. Pafupi ndi pansi penipeni chalacho chinaima.

"Apa mwasiyana," anatero. "Chiganizo ichi m'bukumu mulibe."

"Mulibedi," amayi anayankha. "Bwana anachichotsa ulendo wachisanu ndi chimodzi. Ine ndinkachikonda."

Ndiye tinamva mawu kuchokera pangodya paja. Akazi a malemu anali akupukuta maso ndi nsonga ya bulangeti.

"Phokoso limeneli ndinalimva zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kudzera pakhoma la kukhitchini," anatero. "Likayamba ndinkadziwa kuti bambo asiya kung'amba mapepala, lero m'nyumba muli mtendere. Iwo aja ngakhale polowetsa pepala sankapadziwa."

"Nanga bwanji simunatiuze, Mayi?" anafunsa mkulu uja.

"Munandifunsa za matenda awo, za mphoto zawo, ndi za akazi amene ankawalembera makalata. Za tayipi munandifunsa?"

Musaganize kuti bamboyo anagwada pansi n'kupepesa. Anakwiya. Anati anthu amafuna kuona mlembi pa tayipi, zithunzi zoitanira anthu anasindikiza kale, ndipo filimu si buku la mbiri. Anatuluka panja n'kukayenda uku ndi uku akuyankhula pa foni. Mayi wojambula mawu uja ndiye anabwera mwakachetechete n'kupempha amayi kuti atayipenso masamba atatu, iye atayandikitsa maikolofoni. Amayi anatayipa. Madzulo tinabwerera kwathu ndi makina athu, popanda lonjezo lililonse.

Panatha chaka chathunthu tisanamve kanthu. Ine ndinkangonyinyirika kuti atidyera masuku pamutu, atenga phokoso la amayi kuti akaliike pansi pa chala chimodzi cha a Ndevu. Amayi ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kupitiriza kupukuta makina awo Loweruka lililonse ndi kansalu ka mafuta, ngakhale kuti kupositi kuja anali atasiya kalekale.

Kenaka kunabwera kalata yotiitana kukaonera filimuyo tsiku loyamba, masana, mu holo yaikulu. Pakhomo panali chithunzi chachikulu cha a Ndevu atakhala pa tayipi. Ndinachiona, koma amayi sindinawauze. Tinakhala mzere wachisanu. Iwo anavala diresi lawo labuluu la kolala yoyera, limene ankavala popita kuntchito.

"Ine ndikungoona kuwala," anatero. "Uzindiuza."

Filimuyo inali yaitali. Mlembi anabadwa, anapita kusukulu, anakwatira, anadwala, anachira, ndipo penapake pamenepo amayi anayamba kusinza. Patatha ola ndi theka, chithunzi chinalowa m'kachipinda kakang'ono ka kuseri. A Ndevu anali chiimire pa kabati, pensulo m'manja, akung'amba pepala. Pangodya panali mtsikana atakhala pa tayipi, atatifulatira. Ndipo mu holo monse munamveka mvula ija ya padenga la malata.

Amayi anadzidzimuka. Dzanja lawo linagwera pabondo langa, zala n'kuyamba kuyenda zokha, kutsatira phokosolo batani ndi batani. Kabelu katalira, dzanja lamanzere linakwera pang'ono m'mwamba n'kukankha mphepo.

"Ndine ameneyo," ananong'ona. "Aika ndani pampando?"

"Mtsikana, amayi. Wavala diresi labuluu. Bwana aima pa kabati ndi pensulo."

"Wawongola msana?"

"Wawongola."

"Basi, ali bwino."

Zinatenga mphindi zitatu zokha mu filimu ya maola awiri. Mtsikanayo anayankhula kamodzi, pamene a Ndevu anamubweretsera pepala n'kumufunsa kuti, "Kodi apa ndimati chiyani?" Anthu anaseka, koma ine ndinkalira, ndipo sindinabise. Ndinkanyadira mayi wanga, komanso ndinkadzimvera manyazi chifukwa cha zaka zonse zimene ndinawakayikira.

Filimu itatha, nyali zinayaka pang'ono, anthu n'kuyamba kutuluka mayina akukwera pa chinsalu. Ndinakhalabe, maso ali tong'o. Anadutsa osewera, ojambula, oyendetsa galimoto, ngakhale ophika tiyi. Kumapeto kwenikweni, m'zilembo zing'onozing'ono, kunabwera mzere wonena za amene anatayipa mabuku onse asanu ndi limodzi a mlembiyo, ndipo pansi pake panali dzina la amayi, lonse lathunthu.

Ndinaimirira n'kuliwerenga mokweza, ndi mawu aja ndinawameza ndili folomu 2. Anthu amene anali atafika kale pakhomo anacheuka. Amayi anandikoka siketi.

"Khala pansi iwe, ukundichititsa manyazi."

Ndinakhala. Iwo anakonza kolala yawo, maso ali ku chinsalu chimene sankachiona. Kenaka anandiyandikira n'kunena chapansipansi:

"Tawerenganso."