Makona Atatu a Msuweni Wanga

Msuweni wanga atabwerako kunja kumene ankaphunzira zojambula, anatiitana kuti tikaone ntchito zake mu holo ina m'tauni. Tinanyamuka ku Bangwe Loweruka masana, ine ndi mayi ake, omwe ndi azakhali anga. Iwo anavala chilundu chopitira ku Misa.

Ndinkaganiza kuti tikaona nkhope za anthu, mwina phiri. Ayi ndithu. Khoma lonse linali makona atatu okhaokha, ofiira ndi akuda, atandandalikana ngati mano a sowo, mzere woyera utadutsa pansi pake. Anthu ovala magalasi ankaima pamenepo dzanja lili pachibwano, n'kumagwedeza mitu ngati alandira uthenga wa maliro.

Mwiniwakeyo anali atakulunga mpango m'khosi, dzuwa likuswa mtengo. Anayamba kufotokoza m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Akuti kufiirako ndi magazi a makolo athu pa thangata. Kudako ndi mantha a mtundu woponderezedwa. Mzere woyerawo akuti ndi msewu umene atsamunda anang'amba nawo mitima yathu. Zonsezi akuti zinamubwerera ali yekhayekha m'chipinda, kunja kukuzizira. Anthu m'manja phuphuphu.

Azakhali anandikodola.

"Iwe, akuti chiyani?"

Ndinawamasulira.

"Magazi?" Anasendera pafupi n'kuyang'anitsitsa. "Koma si khonde langa ili?"

Linalidi khonde lawo. Tili ana, mvula ikangosiya, azakhali ankakongoletsa khoma la pakhonde ndi dothi lofiira la kumtsinje, fumbi la makala amene ankagulitsa, ndi laimu pang'ono, monga ankachitira amayi awo ku Nsanje. Mwana yemweyu, ali Folomu 3, analira tsiku lonse kuti anzake akumuseka, nyumba ikuoneka yachimidzi. Anatenga khasu n'kupala khoma lonse ndi manja ake. Azakhali anangoyang'ana, ndipo sanakongoletsenso.

Posakhalitsa msuweni uja anabwera ndi alendo awiri kudzaonetsa mayi ake, amene pakhomo pa holo anangowapatsa moni wa chala. Mmodzi wa alendowo, mayi wa ndolo zikuluzikulu, anafunsa tanthauzo la mitunduyo kwa akazi a kwathu.

"Tanthauzo lake n'lakuti pakhomopo pali mkazi wamoyo," anatero azakhali. "Khoma likakhala mbee, anthu amadziwa kuti mwini wake ndi mlesi kapena akudwala. Zofiirazo n'chifukwa choti dothi lina kunalibe."

"Amayi, si zimenezo ayi," anawadula msuweni, thukuta lili kamukamu. Kwa alendowo anamasulira kuti mayi ake akuti mkazi wa mu Afirika ndiye mpweya wa dziko. Mayi wa ndolo uja anagwira pamtima, maso atatseka. Ine ndinatuluka kukasekera panja.

Patapita sabata msuweni anatulukira ku Bangwe ndi zitini ziwiri za penti, wofiira ndi wakuda, komanso munthu wa kamera. Ankafuna azakhali apake khoma uku akuwajambula kanema.

"Koma muvule nsapato, amayi, ndiponso mubise foniyo. Zizioneka zenizeni."

"Mawondo akundiwawa, mwanangu. Ubwere tsiku lina."

Sanabwerenso. Tinangomva kuti wapita ku Lilongwe kukaphunzitsa anthu za chikhalidwe. Penti wakudayo azakhali anapatsa a neba okonza njinga. Wofiirayo anapaka chitseko cha chimbudzi, mkati ndi kunja komwe.